Mayi wotsika masitepe: mbiri ya Hello, Dolly! ndi anthu oliombera m'manja

Nkhani ya lero ndi ya zisudzo za ku America, koma ndikuilemba ngati mbiri. Mu Seputembala 2016 matikiti a sewero lina lakale anayamba kugulitsidwa ku New York, ndipo tsiku loyamba lokha anthu anagula matikiti a ndalama zoposa madola 9 miliyoni. Sewerolo linali loti lidzayamba mu Malichi chaka chotsatira. Nkhani yake inali yodziwika kwa zaka zoposa 50, ndipo nyimbo zake agogo ambiri a kumeneko ankaziimba pamtima. Chimene anthu ankakanganirana chinali dzina limodzi pa chikwangwani, la Bette Midler. Sewerolo ndi Hello, Dolly!

Ndiye funso langa ndi ili: sewero lakale likabwezeretsedwa ndi namandwa wotchuka, anthu n'kuimirira kuomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, kodi amakhala akuombera chiyani? Hello, Dolly! ndi chitsanzo chabwino poyankha funsoli, chifukwa nkhani yake ndi nyimbo zake zasintha pang'ono chabe kuchokera mu 1964, pamene anthu olionera ndi zifukwa zawo zakhala zikusintha.

Nkhani ya sewerolo

Ku New York kuli dera lotchedwa Broadway, komwe kuli nyumba zazikulu za zisudzo pafupifupi 40. Masewero amene amakoka anthu ambiri kumeneko ndi oimba: ochita sewero amalankhula, kenako nkhani imapitirira m'nyimbo ndi magule, gulu la zoimbira lili m'munsi mwa siteji. Hello, Dolly! ndi limodzi mwa masewero otere. Nyimbo zake anapeka ndi Jerry Herman, zolankhula analemba ndi Michael Stewart, ndipo magule anakonza ndi Gower Champion. Nkhaniyo anaitenga m'sewero la Thornton Wilder lotchedwa The Matchmaker, limene nalo linachokera ku sewero la Johann Nestroy la ku Vienna la mu 1842, ndipo Nestroy uja anabwereka kwa Mngelezi John Oxenford, amene analemba lake mu 1835. Choncho ngakhale mu 1964 nkhaniyi inali kale yobwereza.

Dolly Levi ndi mayi wamasiye wa ku New York wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ntchito yake ndi yopezera anthu mabanja, kuphatikizapo timaganyu tina tosawerengeka. Horace Vandergelder, bambo wolemera koma woumira wa ku Yonkers, mwini sitolo ya chakudya cha ziweto, wamutuma kuti amupezere mkazi. Dolly akuchita ngati akumufunira, koma mumtima akumufuna yekha. Pali ndi anyamata awiri ogulitsa m'sitolomo, Cornelius ndi Barnaby, amene akuzemba ntchito kupita kutawuni kukaona dziko. Pakati pa nthabwala zonsezi, Dolly amaima payekha n'kumalankhula ndi malemu mwamuna wake Ephraim, kumupempha kuti amumasule akwatiwenso, chifukwa watopa ndi kukhala kumbali moyo ukudutsa.

Gawo limene aliyense amalidikira lili m'chigawo chachiwiri. Dolly akubwerera ku lesitilanti yapamwamba ya Harmonia Gardens, komwe ankapita mwamuna wake ali moyo, ndipo sanapondeko kwa zaka zambiri. Amatulukira pamwamba pa masitepe atavala diresi lofiira ndi nthenga kumutu, n'kumatsika pang'onopang'ono, anyamata onse operekera zakudya akumuimbira nyimbo yomulonjera. Champion anamanganso kanjira kozungulira malo a oimba, kotero kuti Dolly amayenda pafupi kwenikweni ndi anthu a m'mipando yakutsogolo. Gwirani mfundo imeneyi: pachimake pa sewero lonse pali mwambo wolandira munthu wokondedwa amene anasowa. Anyamata a pa siteji akamamulonjera Dolly, anthu a m'holo amalowerera, n'kumalonjera mayi weniweni amene wavala diresilo.

1964: dziko lili pa maliro

Sewerolo linayesedwa koyamba ku Detroit mu Novembala 1963, ndipo silinayende bwino. Sabata yomweyo, pa 22 Novembala, pulezidenti John F. Kennedy anaomberedwa ku Dallas. Eni ake analikonzanso, kuchotsa zina ndi kuwonjezera nyimbo, ndipo linatsegulidwa ku St. James Theatre ku New York pa 16 Januwale 1964, Carol Channing ali Dolly. Panali pasanathe miyezi iwiri chiikireni maliro a Kennedy. Anthu amene anali atatopa ndi kulira anapeza sewero lonena za mayi amene akuvula zamaliro n'kubwerera pakati pa anthu, ndipo analilandira ndi manja awiri. Linapata mphoto 10 za Tony, chiwerengero chimene sichinapitiriridwe mpaka The Producers inapata 12 mu 2001.

Nyimbo yolonjera ija inatuluka m'holo n'kulowa m'dziko lonse. Louis Armstrong anaijambula, ndipo mu Meyi 1964, ali ndi zaka 62, anachotsa a Beatles pa nambala 1 ya nyimbo za ku America, pomwe anyamatawo anali atakhalapo milungu 14 yotsatizana. Chaka chomwecho nyimboyi inasinthidwa mawu n'kukhala nyimbo ya kampeni ya Lyndon Johnson, ndipo Channing anaiimba pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Atlantic City.

Mwini ndalama za sewerolo, David Merrick, anali wochenjera pa malonda. Anazindikira kuti masitepe aja angathe kulandira mayi wotchuka aliyense amene anthu anamusowa. Channing atachoka mu 1965, Merrick anaikapo Ginger Rogers, wovina wa m'mafilimu a m'ma 1930. Kenako kunabwera Martha Raye, ndiyeno Betty Grable, amene chithunzi chake asilikali a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankachipachika m'misasa. Amayiwa anali atadutsa pachimake pa kutchuka kwawo, ndipo anthu ogula matikiti anali omwe aja amene ankawaonera m'mafilimu ali achinyamata. M'manja mwa anthuwo munali chikumbumtima cha unyamata wawo womwe.

1967: Pearl Bailey

Pofika 1967 matikiti anayamba kuchepa ogula. Merrick anachita chinthu chimene ambiri sankachiyembekezera: anachotsa gulu lonse la azungu n'kuikapo gulu la anthu akuda okhaokha. Dolly anakhala Pearl Bailey, woimba ndi wanthabwala wodziwika, ndipo Horace anakhala Cab Calloway, mtsogoleri wa bandi amene anatchuka ku Cotton Club ya ku Harlem m'ma 1930. M'gulumo munalinso mnyamata wina wosadziwika amene kanali koyamba kuponda pa Broadway, dzina lake Morgan Freeman, yemwe uja anadzasewera ngati Nelson Mandela mu filimu ya Invictus mu 2009.

Kuti timvetse kulemera kwa zimenezi, tione chaka chimenecho. Mu Juni 1967 khoti lalikulu la America linathetsa malamulo oletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda, amene anali akugwirabe ntchito m'zigawo 16. Bailey mwiniyo anakwatiwa ndi mzungu woimba ng'oma, Louie Bellson, ndipo ukwati wawo unachitikira ku London mu 1952. Mu Julayi 1967 kunabuka zipolowe ku Newark, komwe anthu 26 anafa, ndi ku Detroit, komwe anafa 43. Ndi m'dziko lotero m'mene mayi wakuda anaima pamwamba pa masitepe, atavala zofiira, akulandiridwa ngati mfumukazi.

Gululi linayambira ku National Theatre mu mzinda wa Washington. Nyumba imeneyi ili ndi mbiri yakeyake: kale sinkalola anthu akuda kulowamo kudzaonera, ndipo mu 1948, ochita zisudzo atakana kuseweramo chifukwa cha tsankholi, eni ake anasankha kuisandutsa malo oonetsera mafilimu m'malo motsegula zitseko. Inabwereranso ku zisudzo mu 1952, yolola aliyense. Patatha zaka 15, m'nyumba yomweyo, pulezidenti Johnson ndi mkazi wake Lady Bird anabwera kudzaonera Bailey, ndipo pamapeto anakwera pa siteji kukaima ndi gulu lonse.

Ku New York anatsegula pa 12 Novembala 1967. Clive Barnes wa nyuzipepala ya New York Times analemba kuti mmene anthu anasangalalira, akanamusankha Bailey kukhala bwanamkubwa akanangotchula chigawo chimene akufuna. Bailey ankasewera mwa njira yake: waulesi wadala, wocheza ndi anthu a m'mipando, woponyamo mawu ake amene sanalembedwe. Matikiti anayambanso kutha, ndipo mu 1968 anamupatsa mphoto yapadera ya Tony.

Koma si onse anaomba m'manja. Frederick O'Neal, munthu wakuda woyamba kutsogolera bungwe la ochita zisudzo la Actors' Equity, anadandaula. Mfundo yake inali yakuti chimene anthu akuda ankamenyera ndi kusakanikirana, kuti munthu apatsidwe mbali m'sewero chifukwa cha luso lake, wakuda ndi mzungu pa siteji imodzi. Gulu la akuda okhaokha kwa iye linali kusankhana komweko kovala malaya atsopano. Ena anayankha kuti anthu ambirimbiri aluso amene Broadway inkangowapatsa mbali za antchito a m'nyumba tsopano anali pa ntchito yolipidwa bwino, akusewera ngati eni sitolo ndi okondana, m'nkhani imene sinkanena za khungu lawo ngakhale pang'ono. Mbali zonse ziwiri zinali ndi choonadi. Komanso tisaiwale kuti Merrick anachita zimenezi pofuna kugulitsa matikiti. Zabwino zina m'mbiri zimabwera chonchi, pamsana pa malonda.

Pali kanthu kena kamene kanadzadziwika mochedwa. M'buku la moyo wake la mu 2002, Carol Channing anaulula kuti bambo ake anali ndi magazi a anthu akuda, chinsinsi chimene anachisunga kwa zaka zambiri poopa kutaya ntchito. Anthu a mu 1964 amene ankaombera Dolly "wachizungu" sankadziwa zimenezi.

Filimu, ndi kubwerera kwa Channing

Mu 1969 sewerolo linasandutsidwa filimu yodula zedi, ya madola pafupifupi 25 miliyoni, yotsogoleredwa ndi Gene Kelly. Dolly anali Barbra Streisand, amene anali ndi zaka 27 filimuyo ikutuluka. Mawu anali nawo kuposa amayi ena onse aja, koma ambiri anati ndi wamng'ono kwambiri moti sangakhale mayi wamasiye wobwerera patatha zaka zambiri. Filimuyo inapata mphoto 3 za Oscar koma sinabweretse phindu limene eni ake ankayembekezera. Ine ndimaona kuti vuto linali pa masitepe pomwe paja. Streisand anali asanasowe, ndiye panalibe chomulandirira. Ndipo kanema sangaime kudikira kuti anthu amalize kuomba m'manja.

Pa Broadway, Dolly womaliza wa ulendo woyamba anali Ethel Merman mu 1970. Herman analemba nyimbozo akuganizira mawu a Merman, koma iye anakana poyamba, ndipo atavomera anamubwezeretsera nyimbo ziwiri zimene zinachotsedwa. Sewerolo linatsekedwa pa 27 Disembala 1970 litaonetsedwa maulendo 2,844, ndipo panthawiyo linali litaposa My Fair Lady pa kukhalitsa.

Channing sanasiyane nalo diresi lofiira. Anabwerera nalo ku Broadway mu 1978, ndiponso mu 1995 ali ndi zaka 74. Pa moyo wake wonse anasewera Dolly maulendo oposa 4,500, m'mizinda yaikulu ndi yaing'ono. Akuluakulu amati nyimbo imodzi sachezera gule, koma mayi uyu anachezera nayo zaka zoposa 30. Anthu a mu 1995 ankadziwa kuti mawu ake akalamba. Ankabwera ndi ana ndi adzukulu kudzawaonetsa chinthu chimene iwo anachiona ali achinyamata, chisanathe. Kuomba m'manja kwa chaka chimenecho kunali kutsazika.

2017: Bette Midler ndi mtengo wa mpando

Tsopano tibwerere kwa Bette Midler. Anabadwira ku Honolulu mu 1945, ndipo ali mtsikana m'ma 1960 anasewerapo pa Broadway mu Fiddler on the Roof ngati mmodzi wa ana aakazi. Kenako anatchuka ndi nyimbo ndi mafilimu: The Rose mu 1979, Beaches mu 1988, Hocus Pocus mu 1993. Koma kwa zaka pafupifupi 50 sanasewereponso m'sewero loimba la nkhani pa Broadway. Pamene sewerolo linatsegulidwa ku Shubert Theatre pa 20 Epulo 2017, Jerry Zaks akutsogolera ndipo David Hyde Pierce ali Horace, Midler anali ndi zaka 71. Iye ndiye anali wosowa weniweni amene nyimbo yolonjera ija imanena.

Olemba ndemanga amene analipo anafotokoza zofanana. Dolly amayamba kuoneka atakwera ngolo, nkhope ataibisa ndi nyuzipepala. Midler akangotsitsa nyuzipepalayo, holo yonse inkaphulika ndi kukuwa, sewero n'kuima iye asanalankhule liwu limodzi. Pa nyimbo ya masitepe anthu ankaimirira sewero lili pakati, zimene mwa mwambo zimachitika pamapeto. Pali gawo lina limene Dolly amangokhala pa tebulo n'kumadya, anthu ena onse pa siteji akumudikira. Midler ankalitalikitsa gawo limeneli kwa mphindi zingapo osalankhula, akungotafuna ndi kunyambita, anthu akufa ndi phwete. Ena mwa olembawo anaona kuti mawu ake sanalinso amphamvu ngati kale, ndipo magule ovuta ankavina ndi anyamata omuzungulira. Oonerera sanasamale zimenezo. Ambiri anatinso, m'miyezi yoyamba ya ulamuliro wa Donald Trump, pamene dziko linali logawikana kwambiri pa ndale, anthu a ku New York ankafuna maola awiri ndi theka a chimwemwe chosafunsa kuti unavotera ndani. Sewerolo linapata mphoto 4 za Tony, kuphatikizapo ya Midler ndi ya Gavin Creel amene anali Cornelius.

Apa ndi pamene ndalama zimatiuza zoona. Kuyambira mu Juni 2017, Lachiwiri lililonse Dolly ankakhala Donna Murphy, katswiri amene anali atapata kale mphoto 2 za Tony, ndipo olemba ndemanga anamuyamikira kwambiri. Gulu linali lomwelo, zovala zomwezo, nyimbo zomwezo. Koma Midler atapita kutchuthi, Murphy n'kugwirizira sabata yonse, ndalama za pa sabata zinatsika ndi kuposa theka. Mbali inayi, m'milungu yomaliza ya Midler mipando yakutsogolo inafika pa madola 998 umodzi. Midler anachoka mu Januwale 2018, Bernadette Peters n'kulowa m'malo mwake, kenako anabwereranso mu Julayi kudzatseka sewerolo pa 25 Ogasiti 2018.

Ku London nkhaniyo inayenda mosiyana pang'ono. Imelda Staunton, amene ena mumamudziwa ngati mphunzitsi wankhanza uja wa m'mafilimu a Harry Potter kapena ngati Mfumukazi Elizabeth mu The Crown, anayenera kusewera Dolly mu 2020, koma Covid-19 inatseka nyumba za zisudzo. Anadzasewera ku London Palladium mu 2024, Dominic Cooke akutsogolera. Staunton anatsindika za umasiye wa Dolly, mayi amene akulimbana ndi chisoni ndi umphawi, kotero kuti kutsika masitepe kuja kunaoneka ngati chigonjetso cha munthu wa m'nkhaniyo. Anapata mphoto ya Olivier mu 2025. Izi zinaonetsa kuti pansi pa phokoso la mayina otchuka pali sewero lokhala ndi mtima wake.

Zimene m'manja mumatiuza

Tikaika zaka zonsezi pamodzi, tikuona kuti kuomba m'manja ndi umboni wa mbiri, wofanana ndi kalata kapena nyuzipepala, ndipo kumatiuza zambiri za oombawo kuposa za sewero. Mu 1964 anthu ankatuluka m'maliro. Mu 1967 azungu ndi akuda ankaombera chithunzi cha dziko limene linali lisanafike, miyezi isanu yokha Martin Luther King asanaphedwe mu Epulo 1968. Mu 1995 ankatsazika. Mu 2017 ankalandira mayi amene anakula naye pa wailesi ndi pa kanema.

Koma umboni uliwonse uli ndi malire ake, ndipo wophunzira mbiri ayenera kufunsa kuti ndani sanalipo. M'holo mumamveka okhawo amene alowa. Ku National Theatre isanafike 1948, munthu wakuda ankatsekeredwa kunja ndi tsankho. Ku Shubert Theatre mu 2017 panalibe chikwangwani choletsa aliyense, koma namwino, mphunzitsi kapena woyendetsa basi wa mu New York momwemo akanaganiza kawiri asanapereke malipiro a masiku angapo pa mpando umodzi. Komanso munthu amene walipira madola mazanamazana savomera msanga kuti sanasangalale. Amaimirira, mwina chifukwa cha chimwemwe chenicheni, mwina pofuna kudzitsimikizira kuti ndalama zake sizinapite pachabe. Ichi ndi chifukwa chake sindingaike kuimirira kwa 1967 ndi kwa 2017 pa sikelo imodzi, ngakhale phokoso linali lofanana.

Nanga kodi namandwa amapha sewero kapena amalipulumutsa? Mbiri iyi ikuonetsa zonse ziwiri. Popanda Pearl Bailey, Hello, Dolly! likanatsekedwa msanga, ndipo popanda dzina la Midler n'zokayikitsa kuti wina akanaika mamiliyoni m'sewero la zaka 53 lofuna gulu lalikulu la ovina ndi oimba. Dzina limodzi linadyetsa mabanja ambiri. Kuipa kwake n'kwakuti anthu amazolowera kugula dzina, ndipo katswiri ngati Donna Murphy, wogwira ntchito yomweyo mwaluso, amakokera m'holo ndalama zosakwana theka. Jerry Herman ndi Carol Channing onse anamwalira mu 2019, Pearl Bailey mu 1990. Masitepe aja alipobe, ndipo tsiku lina adzatsikapo mayi wina. Mukadzamva kuti anthu anaimirira kwa mphindi zakutizakuti, mudzafunse kaye kuti mayiyo anasowa kuyambira liti, m'dziko munkachitika zotani chaka chimenecho, ndipo tikiti inali ndalama zingati.